Mmene mungakonzekerere ndalama zoikitsira mawaya atsopano a magetsi m'nyumba ku Mzuzu

Nyumba zambiri za ku Katoto, Chibavi, Chibanja, Luwinga ndi madera ena akale a mzinda wa Mzuzu zinaikidwa mawaya pa nthawi imene banja linkangofuna magetsi ounikira, wailesi ndi ayironi basi. Lero m'nyumba zomwezo muli firiji, kuka, giza, ketulo, kanema ndi hita ya m'miyezi yozizira, ndipo kuseri kunamangidwa kanyumba ka lendi kamene kakukoka magetsi kuchokera pa soketi ya kukhitchini. Mawaya ndi omwe aja, koma katundu amene akusenza wachuluka kangapo. Eni nyumba ambiri amadziwa kuti tsiku lina adzayenera kuikitsa mawaya atsopano, koma amazengereza chifukwa sadziwa poyambira powerengera ndalama, ndipo ena akayamba popanda dongosolo ntchito imaima pakati, makoma ali ogobedwa, ndalama zitathera pa nyali zokongola za pabalaza.

Bajeti yabwino ya ntchito imeneyi imayamba ndi zinthu zimene sizioneka ntchito ikatha, monga waya wa m'khoma, mapaipi, waya wa earth (umene umapititsa pansi magetsi othawa) ndi bokosi la mabuleka (maswichi amene amadula okha magetsi waya akalemedwa) limene amisiri amalitcha DB. Zimenezi zikalakwika, kuzikonza kumafuna kugobanso khoma ndi kulipiranso mmisiri, pamene swichi kapena nyali yotsika mtengo mungathe kudzaisintha chaka chamawa ndi sikuludiraiva yokha.

Kupimitsa nyumba musanagule chilichonse

Ndalama yoyamba kutuluka m'thumba ikhale ya mmisiri woti adzapime nyumba yonse. Mmisiri ameneyu akhale ndi chilolezo cha bungwe la MERA, limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 2004 ndipo limayang'anira nkhani za magetsi ndi mafuta m'dziko muno. Musachite manyazi kupempha kuti muone chilolezocho ndi maso anu, chifukwa mu Mzuzu muli anyamata ambiri odziwa kulumikiza babu ndi soketi, ena mwa iwo aluso ndithu, koma amene sangasaine pepala lililonse limene bungwe la ESCOM lingalandire. Sukulu monga Mzuzu Technical College zimaphunzitsa ntchito ya magetsi, choncho amisiri ophunzira bwino alipo mumzinda muno, ndipo kuwapeza kumangofuna kufunsa kwa anthu amene anawagwirirapo ntchito zaka zingapo zapitazo, osati mwezi watha. Ntchito ya magetsi yochitidwa mwachinyengo imaoneka bwino ikangotha kumene, zolakwika zake zimadzatulukira mvula ikagwa kawiri kapena katatu.

Kupima kwenikweni kumachitika ndi zipangizo. Mmisiri azimitse magetsi, ayeze ngati pulasitiki yokutira mawaya ikutchingabe bwino, ayeze ngati waya wa earth akufika pa soketi iliyonse komanso ngati chitsulo chokhomera pansi chikugwira ntchito, kenako atsegule masoketi angapo ndi kukwera mu siling'i ndi tochi. Inu khalani pomwepo pamene akutsegula. Soketi imene yakhala ikutentha imakhala yakuda mkati, ndipo pulasitiki ya waya imanyenyeka ikangopindidwa pang'ono. M'nyumba zimene zidakali ndi bokosi la mafyuzi akale, si zachilendo kupeza kuti wina anatopa ndi fyuzi yodukaduka n'kuikamo waya wonenepa wopota kawiri, kutanthauza kuti chitetezo chinachoka kalekale. Mu siling'i ndimo mumapezeka zambiri: mawaya olumikizidwa mongopotokola n'kukulunga ndi tepi kapena jumbo, malo amene makoswe anakukuta mpaka kopa kuonekera, ndi waya wopyapyala wa wailesi amene wina anakokera nyali ya panja. Mtundu wa waya pawokha usakuopseni. Mawaya akale ambiri ndi ofiira ndi akuda, ena atsopano ndi a bulawuni ndi abuluu, koma waya wofiira amene wapimidwa n'kupezeka wabwino angathe kukhalabe m'khoma.

Funso lalikulu limene kupimaku kuyenera kuyankha, limenenso limasintha bajeti yonse, ndi lakuti kodi mawaya akale anadutsa m'mapaipi kapena anangokwiriridwa mu pulasitala. Ngati mapaipi alimo ndipo sanaphwanyike kapena kutsekeka ndi simenti, mmisiri amamangirira waya watsopano ku wakale n'kukoka, khoma osakhudzidwa n'komwe. Ngati mapaipi mulibe, ndiye kuti pafunika kugoba makoma, kuika mapaipi ndi mabokosi atsopano, kubwezeretsa pulasitala ndi kupentanso nyumba, ndipo pamenepa ntchito ya magetsi yasanduka ntchito ya amisiri atatu. Njira yachitatu ndi kudutsitsa mawaya pamwamba pa khoma m'timabokosi tatitali ta pulasitiki timene amati trunking. Sikukongola kwenikweni, koma n'kotetezeka kukaikidwa bwino, ndipo kwa nyumba ya lendi kapena ya njerwa zomangira dothi zimene zingagumuke pogoba, ndi njira yanzeru.

Kuwerenga mapoyinti ndi katundu amene mawaya adzasenze

Amisiri ambiri amawerengera ntchito yawo pa poyinti, ndipo poyinti ndi malo alionse amene magetsi akutulukira, kaya ndi nyali, soketi, kuka kapena giza. Musanaitanitse kotesheni, tengani pepala, yendani chipinda ndi chipinda, mulembe mapoyinti amene mukufuna. Chitani zimenezi ndi anthu amene amagwiritsa ntchito zipindazo, makamaka amayi kapena aliyense amene amaphika, chifukwa iwo ndi amene amadziwa pamene pamaima firiji ndi pamene ketulo imasowa polumikiza. Tinene kuti nyumba ili ndi zipinda zogona zitatu, balaza, chipinda chodyera, khitchini, bafa, chimbudzi, kolido ndi khonde. Nyali imodzi m'chipinda chilichonse, ziwiri pabalaza ndi zinayi zozungulira panja zikukwana 15. Masoketi awiri m'chipinda chogona chilichonse, anayi pabalaza, anayi kukhitchini, imodzi kodyera ndi imodzi mukolido akukwana 16. Mukaonjezera kuka ndi giza, mapoyinti onse ndi 33. Chiwerengero chimenechi ndi chimene mudzapatse mmisiri aliyense amene mukufuna kuti akupatseni mtengo, kuti onse awerengere ntchito imodzimodzi.

Pa masoketi musaumire. Soketi yoonjezera ikaikidwa pa nthawi imene khoma lili kale logobedwa imangodya mamita ochepa a waya ndi bokosi limodzi, koma ikasowa, malo ake amatengedwa ndi ekisitenshoni, ndipo nyumba zina zimapsa ndi moto woyambira pa zolumikizira zotere zikalemedwa. Masamu ake ndi osavuta. Magetsi a m'nyumba kuno ndi a 230V, ndipo pulagi yathu ya mano atatu inapangidwa kuti isapitirire 13A (A ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa m'waya). Ketulo ya mawati 2,000 imakoka pafupifupi 9A, hita ya mawati 2,000 imakokanso chimodzimodzi. M'mawa wa mwezi wa July, chifunga chitakuta Kaning'ina, munthu akalumikiza ziwirizi pa ekisitenshoni imodzi, ndiye kuti pafupifupi 18A akudutsa pa chinthu chimene chinapangidwira 13A. Ngati fyuzi ya m'pulagi ili yeniyeni imaduka, koma ngati ekisitenshoniyo ndi ya mtundu wotchipa wopanda fyuzi, imangotentha mpaka kusungunuka.

Werengeraninso katundu wa nyumba yonse. Nyumba zambiri zimalandira magetsi a single phase, a waya umodzi wobweretsa moto, ndipo swichi yaikulu kawirikawiri imakhala ya 60A kapena 63A, kutanthauza mawati pafupifupi 13,800 zonse zikayaka nthawi imodzi. Kwa banja wamba zimenezi n'zokwanira, ngakhale pali kuka ndi giza. Koma ngati mukulingalira zodzaika makina owotcherera zitsulo, chigayo chaching'ono, uvuni wa buledi wa bizinesi kapena nyumba zingapo za lendi pa poloti lomwelo, kambiranani ndi mmisiri za magetsi a three phase, a mawaya atatu obweretsa moto, kapena za mamita osiyana, ndipo zimenezi zimafuna kukafunsira ku ofesi ya ESCOM, imene imapereka mtengo wakewake. Mita ndi waya wochokera pa pholo ndi katundu wa ESCOM. Mmisiri wanu, ngakhale akhale waluso chotani, alibe chilolezo chosuntha kapena kutsegula mita, ndipo akakuuzani kuti angathe kuchita zimenezo madzulo popanda wina kudziwa, ameneyo musamupatse ntchito.

Zipangizo, ndi pamene ndalama zambiri zimapita

Gawo lalikulu la ndalama za zipangizo limapita ku waya, chifukwa waya ndi kopa. Nyali zimagwiritsa ntchito waya wa 1.5mm, masoketi wa 2.5mm, kuka nthawi zambiri wa 6mm, ndipo giza wa 2.5mm kapena 4mm malingana ndi kukula kwake ndi kutalika kwa mtunda. Kuchokera pa mita kufika pa DB pamafunika waya wonenepa kwambiri, wa 10mm kapena 16mm. Waya amagulitsidwa m'mipukutu ya mamita 100, ndipo chinthu chimene chimadabwitsa eni nyumba ambiri n'chakuti m'paipi iliyonse mumadutsa mawaya atatu, wobweretsa moto, wobwezera ndi wa earth, kotero kuti mtunda wa mamita 30 umadya mamita 90 a waya. Mukaona mipukutu yambiri pa kotesheni musafulumire kuganiza kuti akukuberani, koma pemphani mmisiri kuti akuonetseni pa chojambula chapafupi mmene mawayawo adzayendere, ndipo mugwirizane kuti zotsala zonse ndi zanu.

Pa msika pali waya wabodza, ndipo apa ndi pamene kutchipa kumapweteka. Waya wina ndi wa aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, wina ndi wopyapyala kuposa nambala imene yalembedwa, ndipo mipukutu ina sikwana mamita 100. Kuyesa kwake n'kosavuta: sendani nsonga ya waya, palani ndi mpeni. Kopa weniweni amakhala wofiirira mpaka mkati, pamene wabodza amaonetsa kuyera mukangopala pang'ono, amapepuka m'manja, ndipo amathyoka msanga mukamupinda kangapo. Nyamulani mipukutu iwiri ya nambala imodzi kuchokera m'masitolo awiri osiyana, kulemera kwake kukuuzani zambiri. Katundu wambiri wa magetsi amene ali mu Mzuzu amalowa kudzera ku Songwe kuchokera ku Tanzania kapena amabwera kuchokera ku Lilongwe ndi Blantyre, ndipo njira zonsezi zimabweretsa wabwino ndi woipa yemwe, choncho chofunika si kumene wachokera koma kumuyesa ndi kulandira lisiti lolembedwa dzina la sitolo ndi mtundu wa waya. Wogulitsa amene akukana kuti mupale nsonga ya waya kapena kupereka lisiti wakuyankhani kale.

Chachiwiri ndi DB ndi zam'kati mwake. Nyumba ya m'chitsanzo chija ingafune mizere iwiri ya nyali zam'nyumba, umodzi wa nyali zapanja, iwiri kapena itatu ya masoketi, umodzi wa kuka ndi umodzi wa giza, mzere uliwonse ndi buleka yakeyake. Buleka ya nyali imakhala ya 6A kapena 10A, ya masoketi 20A kapena 32A malingana ndi mmene mzerewo walumikizidwira, ya giza 20A, ya kuka 32A kapena kuposerapo. Buleka imateteza waya kuti asatenthe, choncho kukula kwake kumatsatira kukula kwa waya. Buleka ikamagwa pafupipafupi, kuikapo yaikulu pa waya yemwe uja n'chimodzimodzi ndi kuika msomali m'malo mwa fyuzi. Gulani DB yokhala ndi malo ochuluka kuposa amene mukufuna lero, monga ya malo 12 pamene mukufuna 8, chifukwa kusiyana kwa mtengo n'kochepa poyerekeza ndi kudzachotsa bokosi lonse mtsogolo.

Mu DB yomweyo musalole kuti musowe chipangizo chimene amisiri amachitcha earth leakage kapena RCD, cha 30mA. Buleka wamba sateteza munthu, chifukwa moto wokwanira kupha munthu ndi wochepa kwambiri kuposa umene ungagwetse buleka. Chipangizo chimenechi chimayerekeza moto umene ukupita ndi umene ukubwerera, ndipo chikaona kuti wina ukuthawira kwina, kaya kudzera m'madzi a m'bafa, m'malata kapena m'thupi la mwana, chimadula nthawi yomweyo. Chimayendera limodzi ndi waya wa earth ndi chitsulo chokutidwa kopa chimene chimakhomedwa pansi panja pa nyumba. M'nyumba zambiri zakale waya wopita ku chitsulochi anaduka kalekale ndi khasu polima maluwa, kapena anabedwa, eni ake osadziwa. Ngati mpopi wa m'bafa kapena chitseko cha firiji chimakugwirani pang'ono mukachikhudza opanda nsapato, nkhaniyo isadikire bajeti yonse, itanani mmisiri sabata yomweyo.

Ku Mzuzu mvula imagwa yambiri ndipo imachedwa kusiya, kotero zinthu ziwiri zimene kwina anthu amazitenga ngati zapamwamba kuno n'zofunika. Choyamba ndi nyali, maswichi ndi masoketi apanja opangidwa kuti asalowe madzi, chifukwa nyali wamba ikaikidwa pakhoma lapanja ndiyo imayamba kugwetsa earth leakage usiku uliwonse wa mvula. Chachiwiri ndi chotetezera ku kukwera kwadzidzidzi kwa magetsi, chimene chimaikidwa mu DB, pamodzi ndi kachipangizo kotetezera firiji ndi kanema pa soketi. Mphenzi ikagunda pafupi ndi nthambo, kapena magetsi akabwerera mosakhazikika atathima, zinthu zimenezi zimachepetsa ngozi, ndipo mtengo wake sufika pa wa firiji yatsopano.

Kuyerekeza makotesheni

Pezani makotesheni atatu, onse olembedwa, onse ochokera pa mndandanda umodzi wa mapoyinti uja. Kotesheni yabwino imalekanitsa zipangizo ndi lebala, imatchula kukula kwa waya, chiwerengero cha mipukutu, mtundu wa mabuleka, ndipo imanena ngati kugoba khoma, kubwezeretsa pulasitala, kupima komaliza ndi satifiketi zili momwemo. Kapepala kongolembedwa kuti ntchito yonse ndi ndalama zakutizakuti sikakuthandizani, chifukwa simungadziwe chimene chasiyidwa. Kotesheni ikatsika kwambiri poyerekeza ndi zinzake, yang'anani bwino: kawirikawiri mupeza kuti mulibe earth leakage, masoketi onse aunjikidwa pa mzere umodzi, kapena waya wa kuka wachepetsedwa. Funsaninso ngati mitengo ya zipangizo ikuphatikiza msonkho wa VAT.

Funso lakuti agule zipangizo ndani, inu kapena mmisiri, lilibe yankho limodzi. Mukagula nokha mumadziwa mtengo weniweni, koma chinthu chikalakwika mmisiri adzati vuto ndi katundu wanu. Akagula iye, udindo wonse uli pa iye, koma mpata woika waya wotchipa pa mtengo wa wabwino ulipo. Njira imene ndimaiona yabwino ndi kupita limodzi kusitolo, iye asankhe, inu mulipire ndi kusunga malisiti, ndipo katunduyo akasungidwe kwanu m'chipinda chokhoma.

Kotesheni iliyonse ikhale ndi tsiku, ndipo mufunse kuti mitengoyo igwira ntchito mpaka liti. Pafupifupi zipangizo zonse za magetsi zimachokera kunja kapena zimapangidwa ndi zinthu zochokera kunja, choncho mitengo yake imatsatira mphamvu ya kwacha. Ndalama yathu inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense amene anali ndi kotesheni m'thumba pa nthawi zimenezo anaona ikusanduka pepala wamba. N'chifukwa chake kusunga ndalama mpaka zikwanire ntchito yonse si njira yabwino nthawi zonse. Mndandanda wa zipangizo ukangotsimikizika, yambani kugula zimene siziwonongeka zikasungidwa pouma, kuyambira ndi waya, kenako DB, mabuleka ndi mapaipi. Simenti ndi penti zigulidwe pomaliza, makamaka kuno kumene chinyezi chimaumitsa thumba la simenti lisanatsegulidwe.

Pamwamba pa kotesheni pali zowonongera zina zimene sizilembedwa. Pali mmisiri womanga wodzabwezeretsa pulasitala, mchenga, simenti, penti ndi womupaka, mabolodi a siling'i amene amathyoka munthu akaponda molakwika, galimoto yonyamulira mapaipi aatali amene sangakwere pa kabaza, ndi ndalama za ESCOM ngati mita iyenera kusunthidwa. Nyumba idzakhala yopanda magetsi masiku angapo, ndiye muganizire makala kapena gasi wophikira ndi kumene mudzasungire za mufiriji. Nkhani ya nsima ya masana ya amisiri ikambidwe poyamba, chifukwa ikangosiyidwa imabweretsa kung'ung'udza kosafunikira. Mukaphatikiza zonsezi, onjezerani 15 kapena 20 peresenti ya zadzidzidzi. Mongopereka chitsanzo cha masamu, ngati zonse zafika K3,000,000, ndiye kuti K450,000 mpaka K600,000 ikhale pambali. M'nyumba yakale tengani chiwerengero chachikulucho, popeza zimene zili kuseri kwa pulasitala zimadziwika bwino khoma likatsegulidwa.

Ndalama zikapanda kukwanira ntchito yonse

Mabanja ambiri sangathe kulipira zonse pa kamodzi, ndipo ntchito ya magetsi imagawika bwino m'magawo, bola dongosolo la nyumba yonse lijambulidwe poyamba kuti gawo lachiwiri lisadzagumule loyamba. Gawo loyamba likhale DB yatsopano, earth leakage ndi waya wa earth. Dziwani kuti earth leakage ikaikidwa pa mawaya akale imatha kuyamba kugwa, osati chifukwa ndi yoipa koma chifukwa ikuulula kuthawa kwa moto kumene kunalipo kale, choncho musiye ndalama pang'ono zofufuzira ndi kukonza mzere umene uli ndi vuto. Mmisiri akanena kuti ailambalale kuti isamakuvutitseni, kanani. Gawo lachiwiri ndi khitchini ndi bafa, kumene kuli katundu wolemera ndi madzi. Kenako masoketi a zipinda zina, ndipo nyali zibwere pomaliza chifukwa sizikoka moto wambiri, makamaka mukaika mababu a LED: babu la mawati 9 limawala mofanana ndi lakale la mawati 60, ndipo kuti lithe yuniti imodzi liyenera kuyaka maola opitirira 100.

Kanyumba ka kuseri kaganiziridwe pakokha. Kukokera magetsi kumeneko ndi waya wolendewera pa mtengo wa mapeyala n'koopsa, ndipo mtunda ukatalika mphamvu imatsika pa waya wopyapyala. Pafunika waya wokutidwa chitsulo wokwiriridwa pansi mozama bwino, buleka yake mu DB yaikulu, ndi DB yaing'ono m'kanyumbako. Ngati mumakhala alendi, mita yawoyawo imathetsa mikangano ya mayunitsi imene imadanitsa anthu a pa mpanda umodzi. Inu amene mukuchita lendi ndipo mukufuna kukonzetsa mawaya, musayambe landilodi asanalembe ndi kusaina kuti ndalamazo zidzachotsedwa bwanji pa lendi.

Ganiziraninso za sola, invetala kapena jenereta, ngakhale mulibe ndalama zake lero. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi kampani ya EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutali ndi chigawo cha kumpoto, ndipo namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu January 2022 kuthimathima kunakhala nthawi yaitali moti mabanja ambiri anagula mabatire mofulumira n'kuwalumikiza mwachisawawa. Pamene mukuikitsa mawaya atsopano, n'zotchipa kuuza mmisiri kuti aike nyali, soketi ya kanema ndi ya firiji pa mizere yosiyana ndi ya kuka, giza ndi ayironi, ndiponso kuti asiye paipi yopanda kanthu kuchokera padenga kufika pamene padzakhale invetala. Tsiku lodzaika sola kapena jenereta padzafunika swichi yosinthira imene imalekanitsa nyumba ndi nthambo za ESCOM. Kulumikiza jenereta pa soketi popanda swichi imeneyi kumabwezera moto mu nthambo zapanja ndipo kungaphe wogwira ntchito amene wakwera pholo akudziwa kuti magetsi azimitsidwa.

Pa nkhani ya kopeza ndalama, chipereganyu, banki m'khonde kapena ngongole ya ku SACCO zimagwirizana bwino ndi ntchito yogawa m'magawo, chifukwa gawo lililonse lingathe kuyembekezera nthawi yanu yolandira. Katapila ayi, popeza mawaya sabweretsa phindu la pamwezi loti libweze chiwongoladzanja chotero.

Nthawi yogwirira ntchito ndi kalipiridwe

Miyezi ya August, September ndi October ndi yabwino kwa ntchito imeneyi ku Mzuzu. Pulasitala ndi penti zimauma msanga, katundu wa m'nyumba angathe kutulutsidwa panja, ndipo kukumba ngalande ya waya wa pansi sikuvuta. Palinso chifukwa china chimene ambiri sachiganizira: dothi louma silidutsitsa moto bwino ngati lonyowa, choncho chitsulo cha earth chikapimidwa mu October n'kupezeka kuti chikugwira bwino, ndiye kuti m'dzinja chidzagwira bwino koposa, pamene chopimidwa mu February chingathe kukunamizani. Kuipa kwa miyezi imeneyi n'kwakuti aliyense akumanga ndipo amisiri abwino amatanganidwa, ndiye kambiranani nawo mwezi umodzi kapena iwiri nthawi isanakwane.

Mgwirizano ulembedwe, ngakhale mmisiriyo ndi wa kumpingo kwanu kapena mlamu wanu. Ndalama ya lebala igawidwe potsatira ntchito imene yaoneka: gawo laling'ono poyamba, lina mapaipi ndi mabokosi akaikidwa, lina mawaya akakokedwa, ndipo lomaliza ntchito ikapimidwa. Musalole kuti pulasitala abwezeretsedwe musanayende ndi mmisiri kuona mapaipi onse, ndipo jambulani khoma lililonse ndi foni, chifukwa zithunzizo zidzakuuzani pamene simuyenera kukhoma msomali zaka zikubwerazo. Mapaipi ayende molunjika, choimirira kapena chopingasa kuchokera pa swichi ndi soketi, osati modutsa pakati pa khoma mwachidule. Polipira, gwiritsani ntchito banki, Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti pakhale umboni, ndipo ngati mwapereka ndalama pamanja, asaine m'kope.

Sungani pafupifupi 10 peresenti ya lebala mpaka kupima komaliza kutachitika inu mukuona. Mmisiri ayezenso kutchinga kwa mawaya, ayeze earth pa soketi iliyonse, atsimikize kuti maswichi akudula waya wobweretsa moto osati wobwezera, ndipo adinize batani loyesera pa earth leakage kuti muone magetsi akuzima. Batani limeneli muzilidiniza nokha miyezi itatu iliyonse, ndipo likapanda kudula muitane mmisiri. Buleka iliyonse mu DB ilembedwe dzina la zipinda zimene ikudyetsa, zotsatira za kupima zilembedwe pa satifiketi yosainidwa yokhala ndi nambala ya chilolezo chake, ndipo satifiketiyo, malisiti, chojambula cha mizere ndi zithunzi zija zisungidwe pamodzi ndi mapepala a nyumba, popeza a inshuwalansi, wogula nyumba kapena mmisiri wodzaika sola angadzazifune.